Kulemera kwa Ndinendekhiyamu

Tsiku limenelo kunacha ndi kamvula kamawawa, kaja kosanyowetsa munthu msanga koma kolemeretsa matumba a chimanga. A Kanyumbu, woyesa masikelo wa ufumu wa Chiombammanja, anali pamsika wa Tapirira atagwada pansi pa sikelo ya Mayi Nasoko ogulitsa nyemba, pamene galimoto ya zimkuzamawu inalowa mumsika ikuwaza matope.

"Tcherani khutu, anthu a Mfumu Ndinendekha Wachiwiri," anatero wolengeza. "Dziko lathu lapanga chitsulo chatsopano, cholemera kuposa zitsulo zonse za pansi pano. Maiko ena amachita kukumba zawo m'dothi. Ife tapanga chathu ndi nzeru za mfumu. Dzina lake ndi Ndinendekhiyamu. Chimakonda golide ndipo sichikhalitsa pamalo amodzi. Ombani m'manja."

Anthu anaomba. Ku Chiombammanja lamulo limati chilengezo chilichonse cha boma chiomberedwe m'manja, kaya ndi cha mlatho watsopano kaya ndi cha mlatho womwewo utakokoloka. N'chifukwa chake anthu akumeneko ali ndi zikhatho zokhakhala, ngakhale amene sanagwirepo khasu.

"Chokonda golide, chosakhalitsa pamalo amodzi," anatero Mayi Nasoko. "Apanga chitsulo kapena apanga nduna ina?"

"Musanyoze, amayi," anayankha a Bwanali ogulitsa nyama. "Mwina atipangirako mipeni. Mpeni wake kumaunyamula anthu awiri, wachitatu n'kumagwira mbuzi."

A Kanyumbu sanaombe m'manja, poti manja onse awiri anali pansi pa sikelo. Atakhutira kuti sikelo ili bwino, anamangapo kawaya, naikapo kachidutswa ka mtovu, nakafinya ndi chopanira chawo mpaka chizindikiro cha ufumu chinaoneka. Chimenecho ndicho chidindo. M'dziko limenelo chinthu sichiwerengedwa kuti chilipo mpaka woyesa masikelo atachiyesa n'kuchidinda. Mwambowu unayamba kalekale, ndipo unatsala wokha wosagulidwa chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi chopanira chinali m'thumba la a Kanyumbu.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kamodzi. Asanayese chimanga ankayamba ayesa thumba lopanda kanthu. Asanayese mafuta ankayamba ayesa chigubu. Wina akadandaula kuti akuchedwa, ankangoti, "Thumba si chimanga." Masiku ena mawu awo a tsiku lonse ankakhala omwewo.

Ankakhala okha m'nyumba ya boma kuseri kwa ofesi ya masikelo. Pakhomo panali mtengo wa mandimu umene akazi awo, a Nangozo, anabzala chaka chimene analowa m'nyumbamo. A Nangozo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. M'mawa uliwonse a Kanyumbu ankathirira mtengowo zidebe ziwiri, ndipo sanauzepo munthu chifukwa chake zinali ziwiri.

Mawa lake anaitanidwa kunyumba yachifumu ku Mpandowanga.

Mfumu Ndinendekha inali pampando, itazunguliridwa ndi nduna makumi anayi. Pafupi kwambiri panaima Olemekezeka a Nyambitani, Nduna ya Zonyaditsa Dziko. Chapakhomo panaima mayi wovala chikhothi choyera, wa maso otopa. Ameneyu anali Dokotala Chibweya, mkulu wa nyumba ya kafukufuku. Pakati pa bwalo panali bokosi lotuwa, laling'ono ngati kireti ya zakumwa, ndipo asilikali anayi amene analibweretsa anali akupumabe mwawefuwefu.

"Dokotala," inatero mfumu, "auzeni a masikelowa za mwana wathu."

"Zikomo, mfumu. Chinthu chilichonse chimapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Ife tinatenga maatomu a kashiamu, yemwe uja amapezeka m'mafupa, n'kumawawombera ndi makina pa kachitsulo kena kolemera, miyezi khumi ndi inayi osalekeza. Pafupifupi onse amangodutsa. Koma mwa apo ndi apo awiri amagundana bwino n'kumatirirana, n'kukhala atomu imodzi yatsopano, yolemera kuposa atomu ina iliyonse yodziwika. Tinapeza asanu."

"Asanu," inatero mfumu. "Nanga dziko la Kwaanzathu lili ndi angati?"

"Lilibe, mfumu."

Nduna makumi anayi zinaomba m'manja.

"Khalidwe lake n'lotani? Auzeninso za golide zija."

"Tinkafuna kudziwa ngati ndi chitsulo ndithu. Atomu ikangobadwa tinkaiuzira ndi mpweya m'kampaipi kokutidwa golide mkati, kofunda mbali ina, kozizira kwambiri mbali inayo, kuti tione pamene imatirire. Atatu anagwira golide. Awiri anadutsa osapereka moni kwa aliyense mpaka kozizira. Ndiye sitinganene motsimikiza. Mwina ndi chitsulo, mwina khalidwe lake ndi la mpweya."

"Amasankha ocheza nawo," inatero mfumu mokondwa. "Magazi achifumu."

A Kanyumbu anakweza dzanja. "Atomu ndi yaikulu bwanji?"

"M'kambewu kamodzi ka mchere, bambo, muli maatomu ochuluka kuposa mchenga wa m'mitsinje yonse ya dziko lino."

"Asanuwo ali kuti?"

Dokotala anayang'ana pansi. "Kulibe. Atomu yotere pakati pake m'podzaza kwambiri, sipagwirana. Imasweka sekondi isanathe, n'kusanduka zinthu zina zopepukirapo, ikutulutsa cheza choopsa. Yomaliza inasweka mu Febuluwale. Tili ndi umboni wa pamakina kuti analipo, ndipo umboniwo ndi wabwino. Ndinalemba zonsezi m'lipoti."

"Dokotala akulankhula chisayansi," anatero a Nyambitani mofulumira. "M'chilankhulo cha boma, chitsulo chili m'bokosi. Mwaona nokha asilikali anayi akuvutika nalo."

"Bokosilo ndi la mtovu, Olemekezeka. Timasungiramo zipangizo kuti cheza chisafike pa anthu. Limalemera choncho ngakhale..."

"Loweruka," inatero mfumu, "pamsika wa Tapirira, pamaso pa anthu onse ndi akazembe a maiko akunja, a Kanyumbu adzayesa Ndinendekhiyamu ndi kumudinda. Bwalo latha."

A Nyambitani anaperekeza a Kanyumbu mpaka pachipata, atawagwira paphewa ngati mnzawo wakalekale.

"Achimwene, ntchito yake ndi yochepa. Kuika bokosi pasikelo, kuwerenga nambala, kufinya mtovu."

"Ndiyamba ndi bokosi lopanda kanthu."

"Bokosi limenelo silitsegulidwa. Mwamva za cheza."

"Thumba si chimanga."

Nduna inaseka pang'ono. "Nyumba ija mukukhala ndi ya boma, eti? Imayenda ndi chopanira. Mphwanga Dyeratu wagula galimoto, ndiye alibe poiimika. Tsiku lina tikudutsa anati pamene pali mtengo wa mandimu paja m'pabwino, pongofunika nkhwangwa ndi simenti. Ine ndinamuletsa. Ndinati a Kanyumbu ndi munthu womva."

A Kanyumbu anavala chipewa chawo napita.

Loweruka msika unasesedwa koyamba chiyambire ulamuliro wa mfumuyo. Ogulitsa usipa anawasamutsira kuseri kwa zimbudzi kuti akazembe asamve fungo. Ana asukulu anaimba nyimbo yatsopano yotchula Ndinendekhiyamu kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konse analephera kulitchula bwino dzinalo. A Nyambitani analankhula maola awiri. Anati posachedwapa njanji za dziko zidzakhala za Ndinendekhiyamu, madenga a sukulu a Ndinendekhiyamu, ndipo mwana aliyense wobadwa chaka chino adzalandira supuni yake.

"Mwana wake adzadya atagona pansi," ananong'ona a Bwanali. "Supuni n'kumamudikira pomwepo."

Asilikali anayi anakweza bokosi pasikelo yaikulu. A Kanyumbu anasuntha miyala yawo mpaka muvi unaima.

"Makilogalamu makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi," anatero.

Msika wonse unaomba m'manja. Mfumu inayang'ana kazembe wa Kwaanzathu kuti ione ngati nkhope yake yagwa.

"Tsopano lopanda kanthu," anatero a Kanyumbu.

"Tanena kale kuti silitsegulidwa," anatero a Nyambitani, akumwetulira akazembe.

Dokotala Chibweya anatsokomola. "Mabokosiwa tinagula awiri, Olemekezeka, ofanana ngati mapasa. Linalo lili m'galimoto yanga. Mulibe kanthu, aliyense akhoza kusuzumira. A Kanyumbu anandipempha dzana kuti ndibwere nalo."

Pamaso pa akazembe panalibe pokanira. Asilikali omwe aja anatsitsa bokosi loyamba, nakweza lachiwiri, thukuta lili kamukamu chimodzimodzi. Muvi unaima pomwe unaima poyamba. A Kanyumbu anauyang'ana nthawi yaitali, anapukuta sikelo ndi kansalu, nayesanso. Kenaka analemba pachikalata, namangapo kawaya, nafinya mtovu, napereka kwa wolengeza.

Wolengeza anali munthu wowerenga ndi pakamwa pokha, mutu umabwera pambuyo. Anakweza chimkuzamawu.

"Kulemera kwa bokosi: makilogalamu makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi. Kulemera kwa Ndinendekhiyamu: palibe."

Anthu anayang'anizana. Kenaka Mayi Nasoko anakumbukira lamulo, nayamba kuomba m'manja. Msika wonse unatsatira. Akuluakulu amati chiyambire dziko la Chiombammanja anthu sanaombepo m'manja nthawi yaitali choncho, ndipo apolisi anasowa womugwira, poti aliyense ankangomvera lamulo.

Lolemba kunatuluka malamulo awiri. Loyamba linati a Kanyumbu apuma pantchito chifukwa cha maso, ndipo chopanira ndi nyumba zapita kwa a Dyeratu. Lachiwiri linatchedwa Lamulo la Zamkati. Linati kuyambira tsiku limenelo chotengera ndi chotengedwa ndi thupi limodzi, ndipo woyesa chotengera pachokha ndi mdani wa chitukuko. A Dyeratu anayesa bokosi lija tsiku lomwelo, napeza kuti Ndinendekhiyamu amalemera makilogalamu makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi.

A Kanyumbu anapeza kachipinda kuseri kwa butchala ya a Bwanali. Mtengo sunadulidwe sabata imeneyo chifukwa akazi a Dyeratu anaona kuti uli ndi mandimu ambiri. Anauza amuna awo kuti nkhwangwa idikire mpaka ndimu lomaliza litathyoledwa. A Kanyumbu anamva zimenezi. M'mawa uliwonse ankanyamula zidebe ziwiri kuchokera pampopi wa pamsika, n'kukaima kunja kwa mpanda, n'kuthira madzi pansi pa waya kuti ayenderere kumizu. Mtengo wothiriridwa suleka msanga kubereka.

Ku Chiombammanja kuli mwambo wakuti akakolola, banja lililonse limapereka makilogalamu makumi asanu a chimanga kunkhokwe ya mfumu. Chimenecho ndicho chimadyetsa nyumba yachifumu, nduna makumi anayi ndi asilikali. Chaka chimenecho anthu anabwera msanga kuposa zaka zonse.

Mayi Nasoko ndiwo anali oyamba. Anabwera ndi mtondo waukulu wa mtengo wa muwanga pawilibala, m'kati mwake muli chimanga chodzaza kapu imodzi.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa a Dyeratu.

"Chimanga cha mfumu, bwana. Chili m'chotengera chake."

"Uwu ndi mtondo."

"Thupi limodzi, bwana. Kapena mukufuna muuyese pawokha? Ine sindinganene kwa apolisi, koma pano pali anthu ambiri."

Mtondo unakwana makilogalamu makumi asanu ndi awiri. A Dyeratu anafinya mtovu. Mayi Nasoko anakhuthula kapu yawo ya chimanga munkhokwe, nabwereketsa mtondowo kwa amene anali pambuyo pawo pamzere.

Pofika Lachisanu kunkhokwe kunali kutafika mphero, magudumu a thirakitala, mbiya zomatidwa dothi lonyowa, ndi injini yakufa ya chigayo imene inaperekera mudzi wathunthu. Mkulu wina anabwera ndi chitseko cha basi, pakona pake pali maso atatu a chimanga. Chitalemera kupitirira muyeso, anapempha kuti amubwezere diso limodzi. Pakati pa iwo okha pamsika anthu ankachotserabe thumba monga kale. Lamulo ankalisungira mwini wake. A Bwanali atauzidwa kuti apereke makilogalamu makumi atatu a nyama kukhitchini yachifumu, anatumiza kachiwindi ka mbuzi pachitsulo chosulirapo makasu.

Wailesi inalengeza kuti nkhokwe ya mfumu yalandira zokolola zochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbiri ya dziko. Anthu anaomba m'manja. Kunyumba yachifumu ophika anayamba kusesa pansi pa nkhokwe ndi tsache. Asilikali anayamba kuyang'ana nkhanga zoweta za mfumu ndi maso achilendo. Pakutha pa mwezi wa Ogasiti, malamba a nduna makumi anayi anali atabooledwanso mabowo atsopano, ndipo mfumu inakomoka pang'ono ikutsegulira chipilala cha Ndinendekhiyamu.

M'mawa wina a Nyambitani anapeza a Kanyumbu pampanda, chidebe chili m'manja. Kolala ya shati ya nduna inali itayamba kuzungulira yokha pakhosi. Mumtengo munatsala mandimu atatu, ndipo nkhwangwa yonoledwa kumene inali itatsamira pakhonde.

"Achimwene," inatero nduna, "mfumu mwa chifundo chake yaona kuti maso anu achira."

A Kanyumbu anathira chidebe choyamba.

"Mubwerere. Muziyesa chimanga monga kale, thumba palokha, chimanga pachokha. Nyumba ndi yanu. Chinthu chimodzi chokha: bokosi lija lisakhudzidwe. Likhale ndi makilogalamu ake."

"Sikelo ndi imodzi."

"Ndikudziwa kuti ndi imodzi. Koma taganizani. Mfumu singaime pagulu n'kunena kuti inalakwitsa. Chilengedwere dziko lino sizinachitikepo. Mukufuna tife ndi njala tonse chifukwa cha bokosi? Inunso taonani mtengo wanuwo. Mlamu wanga akuti Lamlungu aphika nsomba, ndipo nsomba imafuna ndimu."

A Kanyumbu anayang'ana mandimu atatu aja. Anathira chidebe chachiwiri pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza.

"Dokotala anati chinasweka," anatero.

"Anatero."

"Ndiye chinafa."

"Tinene kuti chinafa."

"Chakufa amaika."

Maso a nduna anayamba kuwala. Inaona mbendera zotsitsidwa, magalimoto ondondozana, nsalu yosindikizidwa mwapadera, ndi iyo yomwe itaima pamanda ikulankhula maola atatu.

"Maliro a boma," inanong'ona. "Dziko la Kwaanzathu silinaikepo chitsulo."

Inathamangira kugalimoto yake itagwira thalauza m'chiuno.

Maliro a Ndinendekhiyamu anachitika Loweruka lotsatira. Wailesi inati wamwalira atadwala kwa nthawi yochepa kwambiri, ndipo aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti wailesi inene zoona. Bokosi analikuta ndi mbendera. Mfumu inavala zakuda, zimene zinaithandiza kubisa kuonda. A Nyambitani anati malemu anakhala nafe kanthawi kochepa koma anasiya dzina lalitali. Anati anali wosakonda kudzionetsera, moti palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo. Dokotala Chibweya anaphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka, ndipo akazembe anamupepesa kwambiri.

"Ine maliro ndayenda ambiri," anatero Mayi Nasoko kwa a Bwanali, "koma sindinaone omwalira mu Febuluwale n'kuikidwa mu Seputembala osanunkha."

"Ndi ubwino wa kusakhalapo, amayi."

Asanatsitse bokosi m'manda, mwambo unafuna kuti liyesedwe. A Dyeratu anapereka chopanira atayang'ana kumbali. A Kanyumbu anayesa bokosi lopanda kanthu lija poyamba, kenaka la malemu, nalemba zomwe analemba tsiku lija. Wolengeza anawerenga, ulendo uno mawu akunjenjemera mwaulemu.

"Kulemera kwa Ndinendekhiyamu: palibe."

"Watisiyadi," inatero mfumu, nipukuta diso.

Anthu anaomba m'manja. Pamanda pomwepo Lamulo la Zamkati linafafanizidwa polemekeza malemu. A Nyambitani anasendera kwa a Kanyumbu.

"Ndiye Lolemba anthu abweretsenso chimanga cha chaka chino, chenicheni."

"Anapereka."

"Anapereka mitondo."

"Yodinda."

Nduna inayang'ana chopanira, inayang'ana khamu la anthu, ndipo inabwerera pampando wake. Chaka chimenecho nyumba yachifumu inagula chimanga pamsika wa Tapirira ngati wina aliyense, ndipo Mayi Nasoko anayamba kugulitsanso chimanga pambali pa nyemba.

Dokotala Chibweya anapeza a Kanyumbu akulongedza miyala yawo ya sikelo.

"Analipo ndithu, bambo," anatero. "Asanu. Ndinawadikira miyezi khumi ndi inayi. Sindikufuna muziganiza kuti zonse zinali bodza."

"Ndikudziwa," anatero a Kanyumbu. "Zina zimakhalapo, n'kupita."

Anafika kunyumba kwawo dzuwa likadali pamutu. Galimoto ya a Dyeratu inali itachoka, itasiya mafuta akuda pabwalo. Nkhwangwa anaiiwala itatsamira pamtengo. M'mwamba, pansonga imene akazi a Dyeratu analephera kufikira, panatsala ndimu limodzi, ndipo pansi pake nthambi zinali zitayamba maluwa oyera.

A Kanyumbu anachotsa nkhwangwayo nakaiika kunja kwa chipata. Anatunga zidebe ziwiri nathirira mtengo. Kenaka anatenga chopanira ndi miyala yawo, napita kumsika kumene ophika a mfumu ankadikira ndi ngolo, nayamba kuyesa thumba lopanda kanthu.